Mafunso a Owerenga: Chisankho cha Komiti ya Ophunzira Akale a ku Yunivesite

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo onse akukhudza zisankho za m'magulu a anthu amene anaphunzira ku yunivesite. Mayina a olemba ndi a magulu awo tawabisa monga anapemphera.

FUNSO

Akonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Salima, ndipo ndili m'gulu la anthu amene tinaphunzira ku University of Malawi koma tikugwira ntchito m'maboma a Salima ndi Nkhotakota. M'gulumu muli aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, ogwira ntchito m'makampani a shuga komanso ena opuma pa ntchito, ndipo chaka chilichonse timasonkha ndalama zothandizira ana osowa amene asankhidwa kupita ku yunivesite. Komiti imene ilipo inasankhidwa kuti ikhale zaka zitatu, koma yatha zisanu. Titakakamiza, avomera kuti chisankho chichitike mu Disembala ku Senga Bay, koma pabuka mkangano pa nkhani ya oyenera kuvota. Pa gulu lathu la WhatsApp pali anthu opitirira 200, pomwe olipira ndalama za umembala safika 70. Ena akuti aliyense amene ali ndi digiri avote, ena akuti olipira okha, ndipo enanso akuti amene anaphunzira ku Bunda ndi ku Poly asavote chifukwa masukulu awo anachoka mu University of Malawi. Tichite bwanji? Mphunzitsi, Kamuzu Road, Salima.

YANKHO

Zikomo aphunzitsi. Musanapitirize kukangana, pezani kaye chikalata cha malamulo oyendetsera gulu lanu, chija munagwirizana pamene munkalikhazikitsa, ndipo mlembi achijambule n'kuchitumiza pa WhatsApp pomwepo kuti aliyense adziwerengere yekha. Magulu ambiri otere amakhala nacho chikalatachi chifukwa banki imachifuna potsegula akaunti, koma chikangogwira ntchito ya ku bankiyo chimakalowa m'kabati, ndipo anthu amayamba kuyendetsa zinthu mongokumbukira. Ngati chikunena kuti wovota ndi membala amene walipira ndalama za chaka chimenecho, nkhani yathera pomwepo, ngakhale ena aipidwe nazo. Kupezeka pa gulu la WhatsApp si umembala ayi, pakuti munthu amangolowetsedwapo ndi mnzake, ndipo sipakhala lisiti kapena siginecha yosonyeza kuti wavomera kumvera malamulo a gulu.

Ngati chikalatacho sichikunenapo kanthu, maganizo anga ndi akuti avote olipira okha, popeza ntchito yaikulu ya komiti yanu ndi kusunga ndi kugawa ndalama za fizi ya ana, ndipo n'koyenera kuti wosunga ndalamazo asankhidwe ndi amene anazisonkha. Koma musawadzidzimutse anzanuwo ndi lamuloli. Lengezani tsiku lotsekera kulipira, mwachitsanzo masiku 30 chisankho chisanachitike, kuti amene ali ndi ngongole ndipo akufuna kuvota alipire. Ndalamazo zilowe mu akaunti ya gulu, kapena pa nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba imene gulu lonse linavomereza, kuti pakhale uthenga wa pa foni wokhala ndi tsiku ndi nambala yotsimikizira. Ngati mukuona kuti opuma pa ntchito ndi achinyamata amene angomaliza kumene maphunziro koma sanapeze ntchito sangakwanitse, muwatsitsire mtengo tsopano lino, mayina a opikisana asanadziwike, chifukwa mukadzachita zimenezi kampeni ili mkati, aliyense adzayamba kuwerengera kuti kutsitsako kukomera yani.

Tsiku lotsekera likadutsa, mndandanda wa ovota utuluke poyera ndipo ukhale pamaso pa anthu kwa milungu iwiri, kuti amene dzina lake lasowa abweretse umboni wake, ndiponso amene waona dzina lokayikitsa afunse. Nthawi imeneyi ikatha, mndandandawo utsekedwe, ndipo pasaonjezedwenso dzina, ngakhale munthu atafika ku Senga Bay m'mawa wa tsikulo ndalama zili m'manja. Ndikutsindika pamenepa chifukwa zisankho za m'magulu ang'onoang'ono sizimaberedwa kawirikawiri m'bokosi, koma pa mndandanda. Minibasi imaima pageti nthawi ya 9 koloko, mukutsika anthu amene sanaonekepo pa msonkhano uliwonse, ndalama zawo za umembala zalipiridwa pamodzi ndi munthu mmodzi usiku wathawo, ndipo pofika masana gulu lili ndi wapampando watsopano popanda pepala ngakhale limodzi lachinyengo.

Za a ku Bunda ndi a ku Poly, amene akufuna kuwachotsawo akusokoneza mbiri. University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo ophunzira oyamba analowa mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, Chancellor College isanasamukire ku Zomba mu 1973. Kwa zaka zambiri Bunda, Polytechnic, Kamuzu College of Nursing, komanso College of Medicine imene inayamba mu 1991, anali makoleji a yunivesite imodzi yomweyo. Bunda inapatuka mu 2012 n'kukhala LUANAR, ndipo mu Meyi 2021 Polytechnic inakhala MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaphatikizana kukhala KUHeS, Chancellor College n'kutsala ndi dzina lakale lija. Choncho mlangizi wa zaulimi amene anamaliza ku Bunda mu 1998 ali ndi satifiketi yolembedwa kuti University of Malawi, chimodzimodzi mphunzitsi amene anamaliza ku Zomba chaka chomwecho, ndipo palibe lamulo limene linafufuta dzinalo pa satifiketi yake. Ngati malamulo anu akunena za anthu amene anaphunzira ku University of Malawi, iyeyu ndi membala wathunthu. Amene akufunika kuwaganizira ndi achinyamata amene satifiketi zawo zikulembedwa kuti LUANAR, MUBAS kapena KUHeS, ndipo yankho lake ndi kukonza mawu a m'malamulo anu pa msonkhano waukulu kuti atchule mayunivesite onsewa. Kunena zoona, gulu limene olipira ake safika 70 silingapindule kanthu pothamangitsa anamwino ndi mainjiniya.

Chotsala ndi cha amene ayendetse chisankho. Komiti imene yapitirira nthawi yake ndi zaka ziwiri isakhale yosunga mndandanda wa ovota, makamaka ngati ena mwa iwo akufuna kupikisananso, pakuti woimbira mpira sangakhalenso wosewera wa timu imodzi. Msonkhano wa mamembala usankhe anthu atatu kapena asanu amene alonjeza kuti sapikisana nawo pa mpando uliwonse, ndipo msungichuma awapatse sitetimenti ya ku banki ndi buku la malisiti kuti apange okha mndandandawo. Mungathenso kupempha a NICE Trust, bungwe lophunzitsa anthu za demokalase ndi zisankho, amene ali ndi maofesi m'maboma, kapena mkulu wina wolemekezeka wa kunja kwa gulu, kuti adzakhale mboni pa tsikulo.

FUNSO

Akonzi, m'nthambi yathu ya ophunzira akale kuno ku Nkhotakota tinazolowera kuvota pokweza manja, opikisana atatuluka panja. Chaka chino mmodzi mwa ofuna upampando ndi bwana wanga wa kuntchito, ndipo ine sindikufuna kumuvotera, koma ndikudziwa kuti anzake adzamuuza amene sanakweze dzanja. Nditapempha kuti tivote mwachinsinsi anandiyankha kuti tonse ndife ophunzira ndipo palibe choopa. Komanso anzathu amene ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg akufuna kuvota pa WhatsApp. Kodi zimenezi n'zololedwa? Mayi wodandaula, Dwangwa.

YANKHO

Mayi, pempho lanu ndi lomveka, ndipo amene anakuyankhaniwo sanaliganizire bwino. Digiri siichotsa mantha a munthu amene tchuthi chake, kukwezedwa kwake pa ntchito ndi nyumba imene akukhala zili m'manja mwa wopikisanayo. M'boma ngati la Nkhotakota anthu ophunzira amakumana paliponse, kuntchito, kutchalitchi kapena kumzikiti, kumaliro ndi ku komiti ya sukulu ya ana awo, moti kukweza dzanja pagulu kumakhala ndi mtengo umene munthu amalipira kwa zaka. Kutulutsa opikisana panja kumangobisa nkhope zawo kwa mphindi zisanu. Dziko lathu linakumanapo ndi funso lomweli pokonzekera riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene boma linkafuna kuti pakhale mabokosi awiri, lina la chipani chimodzi ndi lina la zipani zambiri, ndipo ofuna zipani zambiri anakana chifukwa aliyense akanaoneka kumene walowera. Pomaliza panakhala bokosi limodzi.

Kuvota kwachinsinsi sikufuna ndalama zambiri. Oyendetsa chisankho asindikize mapepala okhala ndi mayina a opikisana, chiwerengero chake chofanana ndi mayina a pa mndandanda kuonjezerapo ochepa olowa m'malo mwa owonongeka, ndipo wamkulu wa chisankho asaine kapena kudinda kumbuyo kwa pepala lililonse pamene akulipereka. Katoni wamba ndi wokwanira, bola aonetsedwe kwa onse kuti mulibe kanthu asanamatidwe ndi selotepu. Tebulo lochongera likhale pakona, pamene palibe amene angasuzumire, ndipo foni isaloledwe pamenepo, chifukwa bwana wochenjera amauza anthu ake kuti amutumizire chithunzi cha pepala lawo. Kuvota kukatha, katoniyo atsegulidwe m'chipinda chomwecho, opikisana kapena mamonitala awo akuona. Choyamba awerenge kuchuluka kwa mapepala onse asanawatambasule, ndi kuona ngati akufanana ndi mayina amene achongedwa pa mndandanda, kenako pepala lililonse likwezedwe m'mwamba dzina likutchulidwa mokweza. Zotsatira zilembedwe ndi bolopeni, m'manambala ndi m'mawu omwe, mamonitala asaine, ndipo pepalalo lijambulidwe n'kutumizidwa kwa mamembala anthu asanabalalike. Pakalakwika polemba, adule mzere umodzi ndi kusaina pambali, popeza Amalawi tonse tikukumbukira zimene Tipp-Ex, utoto woyera uja wofufutira zolembedwa, anachita pa chisankho cha mu Meyi 2019.

Ngati malamulo anu satchula njira yovotera, lembani kalata kwa mlembi yopempha kuti nkhaniyi iikidwe pa ndondomeko ya msonkhano chisankho chisanayambe, ndipo pezani anzanu angapo asaine nanu kuti isaoneke ngati nkhondo yanu ndi bwana wanu. Mudzaona kuti ofuna chinsinsi ndi ambiri kuposa amene amalankhula.

Za WhatsApp, kavotedwe kamene kali m'pulogalamuyi kamaonetsa dzina la aliyense ndi chimene wasankha, ndipo munthu angathe kusintha voti yake pambuyo pake. N'kothandiza posankha tsiku la msonkhano kapena mtundu wa malaya a gulu, koma pa chisankho cha maudindo n'koipa kuposa kukweza manja, chifukwa umboni wake umatsala m'foni ya aliyense. Kutumiza voti ku foni ya mlembi nakonso n'kupereka chisankho chonse m'manja mwa munthu mmodzi. Alipo mapulogalamu a pa intaneti opangidwira zisankho, amene amatumizira wovota aliyense chizindikiro chakechake chogwira ntchito kamodzi kokha ndipo saonetsa amene wavotera, koma ambiri amalipiritsa m'madola ovota akachuluka, ndipo amafuna kuti mndandanda wa maimelo kapena manambala a foni ukhale wolondola. Ngati malamulo anu amanena za mamembala amene afika pa msonkhano, musalowetse njira yatsopanoyi chisankho chitayandikira, chifukwa wogonja adzakhala ndi chifukwa chokanira zotsatira. Sinthani kaye malamulowo, ndipo a ku Johannesburg adzavote ulendo wotsatira.

Chimene mungachite chaka chino ndi kuganizira a m'boma momwemo. Kuchokera ku Dwangwa kapena ku Benga kufika pa boma ndi ulendo wolipira, ndipo m'nyengo ya mvula msewu wa M5 umaduka milatho ikakokoloka. Chisankho chochitika mu Januwale kapena Febuluwale chimasanduka cha okhala pa boma okha. Ikani tsiku mvula isanayambe, kapena tsegulani malo awiri ovotera pa maola ofanana, aliwonse ndi mndandanda wake, kuti munthu asavote kawiri.

FUNSO

Akonzi, pa mpando wa wapampando tikupikisana anthu anayi. Kodi wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka monga zimakhalira ndi mtsogoleri wa dziko? Wopikisana nawo, Chipoka.

YANKHO

Ayi bambo, pokhapokha ngati malamulo a gulu lanu akunena choncho. Chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndi kubweretsa chisankho chatsopano pa 23 Juni 2020, chinkamasulira malamulo aakulu a dziko pa nkhani ya mtsogoleri wa dziko. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala amapambanabe ndi mavoti ochuluka kuposa anzawo, ngakhale asafike theka, ndipo gulu ngati lanu limatsata zimene linadzilembera lokha.

Komabe pa mpando wa wapampando ndingakulangizeni kuti mugwirizane za kupitirira theka. Tiyerekeze kuti ovota ndi 60, ndipo mavoti agawika 19, 16, 14 ndi 11. Wopambanayo akhala atakanidwa ndi anthu 41, ndipo anthu amenewa ndi omwe adzawapemphe ndalama mwezi wotsatira. M'chipinda cha anthu 60 kubwereza chisankho pakati pa awiri otsogola sikutenga ola lathunthu, bola mapepala achiwiri akonzedweretu. Chofunika n'chakuti mugwirizane zimenezi, pamodzi ndi zoyenera kuchita mavoti akafanana, katoni asanatsegulidwe, ndipo zilembedwe m'maminitsi.

FUNSO

Akonzi, ndine mmodzi mwa amene tinasankhidwa mwezi watha kulowa m'komiti ya gulu la ophunzira akale kuno ku Salima, ndipo anzanga anandipatsa udindo wa msungichuma. Mpaka lero akomiti yakale sanatipatse mabuku, ndipo ku banki osainira akadali iwo. Akuti adikire kaye matrasti akumane. Kodi matrasti ndi akuluakulu kuposa komiti yosankhidwa? Ndipo tingatani kuti zimenezi zisadzachitikenso? Msungichuma watsopano, Khombedza.

YANKHO

Zikomo amsungichuma. Magulu ambiri m'dziko muno amalembetsedwa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act la 1962, limene limayang'aniridwa ndi Unduna wa Zachilungamo, ndipo pansi pa lamuloli matrasti ndi amene amaimira gulu pa zamalamulo, monga kusunga katundu wake, kusumira ena kapena kusumiridwa m'dzina la gulu. Ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kutolera ndalama za umembala ndi kulipira fizi ya ana, imakhala ya komiti imene mamembala asankha, malinga ndi mmene malamulo a gululo agawira ntchito. Matrasti sangakane zotsatira za chisankho chimene chayenda motsata malamulowo, ndipo kudikira kuti akumane si chifukwa chosungira buku la malisiti m'nyumba ya munthu amene udindo wake unatha. Onani ngati malamulo anu akufuna siginecha ya trasti posintha osainira ku banki. Ngati akutero, pitani kwa wapampando wa matrasti inu nomwe ndi kalata, m'malo modikira kuti akomiti yakale akuitanireni msonkhanowo, pakuti iwo alibe chowafulumizitsa.

Banki imafuna maminitsi a msonkhano umene unakusankhani, kalata yopempha kusintha osainira, ndi zitupa za unzika za osainira atsopano, ndipo kawirikawiri imafunanso kuti osainira akale avomereze kusinthako. Apa ndi pamene magulu ambiri amakodwa, chifukwa tsiku la chisankho anthu amathamangira ku chakudya ndi zithunzi, mlembi wakale n'kupita ndi maminitsi osalembedwa bwino. Lemberani wapampando wakale kalata yaulemu yotchula zinthu zimene mukufuna, zomwe ndi buku la macheke, mabuku a malisiti, masitetimenti a zaka zonse za komiti yawo, satifiketi yolembetsera gulu, chidindo, simu khadi ya nambala yolandirira ndalama, ndi mndandanda wa ana amene mukuwalipirira pamodzi ndi ngongole zotsala kumasukulu awo. Ikani tsiku lomaliza, ndipo kope la kalatayo lipite kwa matrasti ndi kwa amene anayendetsa chisankho. Pakadali pano uzani mamembala kuti ayambe aima kutumiza ndalama ku nambala yakale. Pa tsiku lolandira katunduyo musalandire chikwama chotseka n'kuthokoza, koma werengani chinthu chimodzichimodzi, lembani ndalama zimene zili mu akaunti tsiku limenelo, ndipo mbali zonse ziwiri zisaine. Mukapanda kutero, ndalama iliyonse imene idzapezeke kuti inasowa zaka zitatu zapitazo idzafunsidwa kwa inu.

Kuti zisadzabwerezeke, pa msonkhano waukulu wotsatira onjezani mfundo zingapo m'malamulo anu. Ripoti la ndalama lounikidwa ndi munthu wodziwa za maakaunti amene sali m'komiti liziwerengedwa chisankho chisanayambe, kuti ovota adziwe mmene ofuna kubwereranso anasungira chuma. Kupatsana mabuku kuzichitika pasanathe masiku 14 kapena 21, ndipo kalata ya ku banki izisainidwa ndi akale ndi atsopano pa tsiku lachisankho lomwelo, onse akadali m'chipinda chimodzi. Munthu asakhale pa mpando umodzi kupitirira materemu awiri, ndipo nthawi ya komiti ikatha chisankho chisanaitanidwe, mamembala owerengeka, mwachitsanzo gawo limodzi mwa magawo anayi a olipira, akhale ndi mphamvu zoitanitsa okha msonkhano.

Ganiziraninso zosintha theka la komiti pa nthawi imodzi m'malo mochotsa onse pamodzi, makamaka kuti mlembi ndi msungichuma asamachoke chaka chimodzi. Maphunziro ambiri a digiri yoyamba amatenga zaka zinayi, ndipo ena monga a udokotala ndi a uinjiniya amapitirira pamenepo, pomwe komiti zambiri zimakhala zaka ziwiri kapena zitatu. Mwana amene munamulonjeza fizi ali m'chaka choyamba adzadutsa m'manja mwa makomiti awiri asanamalize, ndipo pamafunika wina m'komiti yatsopano amene akudziwa nambala yake ya ku sukulu, akaunti imene fizi imalipiridwa, ndi ngati mwanayo akulandiranso ngongole ya boma yochokera ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite limene linakhazikitsidwa mu 2015, kuti musalipire kawiri chinthu chimodzi.